Momwe mungapitire ku Britain ndi mphaka wanu pa ndege

Ngati mukusamukira ku Britain ndipo simukufuna kusiya mphaka wanu, yambani kukonzekera kudakali miyezi isanu. Malamulo a kumeneko ndi okhwima pa nkhani ya chiwewe, ndipo mphaka wochokera ku Malawi amadutsa njira yaitali.

Choyamba, pitani kwa dokotala wa ziweto akamuike microchip, kachipangizo kangati njere ya mpunga komwe kamalowa pansi pa khungu, pakati pa mapewa. Kamakhala ndi nambala ya mphakayo. Akatero m'pamene abayidwe katemera wa chiwewe, ndipo akhale atakwana masabata 12. Apa samalani kwambiri: katemera wobayidwa microchip isanaikidwe sawerengedwa, ndiye kuti muyambiranso.

Pakapita masiku osachepera 30 chibayireni katemera, dokotala amutenge magazi n'kuwatumiza ku labotale yovomerezeka. Zotsatira zionetse chitetezo chosachepera 0.5 IU/ml, womwe ndi muyeso wa chitetezo cha chiwewe m'magazi. Kuchokera pa tsiku lotenga magazilo, mudikire miyezi 3 yathunthu. Kupempha kapena kuchonderera sikufupikitsa nthawiyi.

Miyezi yodikirayi muigwiritse ntchito pomuzoloweretsa bokosi loyenderamo. Likhale lolimba, lolowa mpweya, logwirizana ndi malamulo a IATA (bungwe la makampani a ndege pa dziko lonse), loti mphaka atha kuimirira, kutembenuka ndi kugona momasuka. Muliike pabalaza lili chitsegulire, muziikamo chakudya chake ndi kansalu komwe amagonera. Mphaka amene wayamba kuliona bokosi tsiku la ulendo amavutika kwambiri ndi mantha, ndipo n'zomvetsa chisoni poti zimapeweka.

Ku Britain mphaka saloledwa kufika ali nanu pa mpando. Amayenda ngati katundu wa kago, pa ndege ndi njira zovomerezeka zokha, choncho funsani kampani ya ndege musanagule tikiti yanu. Ngati mphaka wanu ndi wa mphuno yophwatalala, monga wa mtundu wa Persian, nenani msanga, chifukwa makampani ena amawakana poti amavutika kupuma.

Chikalata cha umoyo chisayinidwe ndi dokotala wa boma wa ziweto, ndipo mphaka alowe ku Britain pasanathe masiku 10 chisayinireni.

Tsiku lonyamuka, mumudyetse pang'ono kudakali maola angapo, koma madzi musamumane. Chonde, mankhwala ogonetsa musamupatse. M'mwambamo atha kumusokoneza kapumidwe ndi kayendedwe ka magazi. Mukatera pa bwalo la ndege la Heathrow ku London, mukamutenga ku Animal Reception Centre, malo olandirira ziweto, akamaliza kuona mapepala ake.