Udzu wa m'botolo: chimene chimadzutsa mphukira

Alimi anzanga a ku Chongwe ndi ku Kafue, mwaonapo kuti nzimbe ikathyoka kunsonga, maso a m'mbali amayamba kuphuka. Nsongayo imatulutsa timadzi totchedwa auxin, timene timatsika ndi tsinde n'kumagoneka masowo. Palinso timadzi tina, cytokinin, tochokera kwambiri kumizu, timene timadzutsa mphukira. Amene amachulukitsa nsenjere ndi nzimbe m'mabotolo amadalira ziwirizi.

Mu 1957, akatswiri a sayansi Skoog ndi Miller anaonetsa pa fodya kuti cytokinin akachuluka pamatuluka mphukira, auxin akachuluka pamatuluka mizu. Koma udzu, monga nzimbe ndi nsenjere, ndi wa makani. Tsamba lokhwima silimva kanthu ngakhale mulithire chotani. Muyenera kusenda nsonga mpaka mufike pa timasamba tanthete topindana m'kati, toyera ngati mkaka, n'kudula tizidutswa.

Apa ndipo ndikufuna inu achinyamata ophunzira zaulimi kuno ku Lusaka mutchere khutu. Tizidutswato timaikidwa m'botolo, pa chakudya cha zomera chimene akatswiri Murashige ndi Skoog anakonza mu 1962, chokhala ndi shuga magalamu 30 pa lita, ndi 2,4-D pang'ono chabe, mamiligalamu ochepa pa lita. Inde, ndi yemwe uja wophera udzu wa masamba otambalala m'munda wa chimanga. Iyenso ndi auxin, wopangidwa ndi anthu. Pakapita masabata angapo mumdima, m'mbali mwa kachidutswa mumatupa kanthu konga phala louma. Sankhani kolimba, kokhala ndi timibulu toyera mwachikasu. Kofewa, kamadzimadzi, tayani, kangokudyerani nthawi.

Tsono 2,4-D yemwe wadzutsa kanthuka ndi amenenso amakaniza mphukira. Ambiri amagwa pamenepa, amachita ulesi kukasamutsira pa chakudya china poona kakukula bwino. Chotsani 2,4-D, ikani cytokinin monga BAP kapena kinetin, mutulutsire botolo poyera magetsi. Timadontho tobiriwira tikaoneka, mwapata. Mukachedwa miyezi yambiri, mphamvu yophuka imatha, ndipo zina zimamera zoyera mbee, zosiyana ndi kholo lake. BAP mukamuchulutsanso, mphukira zimathithikana, zazifupi, zokana mizu. Mizu muiitane pambuyo ndi auxin wina monga NAA kapena IBA.

Inu alimi, mukalandira mbande zoterezi musathamangire nazo kumunda. Zazolowera chinyontho cha m'botolo. Tsukani mizu, zibzaleni m'timachubu pamthunzi, muvundikire pulasitiki, muzivundukula pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena anayi.