Kusankha zipolopolo za mfuti ya mpweya pothana ndi makoswe

Khoswe akalasidwa pamimba amathawira kuuna n'kukafera komweko pang'onopang'ono, fungo n'kudzaza nkhokwe. Pofunika kulasa ndi pamutu, pakati pa diso ndi khutu, malo ochepa ngati njere ya mtedza. N'chifukwa chake chipolopolo chabwino ndi chimene mfuti yanu imagwetsa pamalo amodzimodzi nthawi zonse, ngakhale chisaoneke choopsa m'kachitini.

Yambani ndi za mutu wobulungira. Zimadula bwino mpweya, sizitengeka msanga ndi mphepo, ndipo zimafika ndi mphamvu ngakhale pa mamita 25 kapena 30. Pa mfuti ya 4.5mm (kukula kwa bowo la mpope wa mfuti), JSB Exact ya ma grain 8.44 (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) kapena H&N Field Target Trophy ya 8.64 ndi poyambira pabwino. Pa 5.5mm yesani JSB Exact Jumbo ya 15.89 kapena RWS Superdome ya 14.5.

Za mutu wafulati anazipangira kuboola mapepala pa mpikisano wa mamita 10, koma m'khola la nkhuku zimagwira ntchito kwambiri. Zimasiya mphamvu yambiri m'thupi la khoswe, ndipo sizikonda kupyola n'kukaboola malata kapena chomwera madzi. Kupitirira mamita 15 kapena 20 zimayamba kumwazika. Za dzenje kumutu nazo n'zoombera pafupi. Amati zimaphwasuka zikalowa m'thupi, komatu zimatero pokhapokha zikafika ndi liwiro lalikulu. Pa mfuti yofooka zimangolowa ngati zinzake.

Zosongoka musataye nazo ndalama. Nsonga ikangopendekeka pang'ono, chipolopolo chimakhota, ndipo chikalasa chimapyola.

Samalaninso ndi zopepuka kwambiri zosakhala zamtovu. Pa mfuti yamphamvu zimatha kupitirira liwiro la phokoso, pafupifupi mamita 340 pa sekondi, n'kulira ngati chikwapu, makoswe onse balala. Zimagwedezekanso m'njira. Pa mfuti ya sipuling'i, pisitoni imamenya mwamphamvu chifukwa mpweya sunapeze choutsekereza, ndipo sipuling'i ndi labala wake zimatha msanga.

Kuyesa kwake n'kotere. Ikani katoni pa mamita 15, kumbuyo kwake thumba la mchenga. Mukasintha mtundu, ombani kaye zipolopolo 10 mpaka 20 kuti mpope uzolowere mtovu watsopanowo. Kenako ombani zisanu mutaloza kadontho kamodzi, mfuti itatsamira pa chinthu chofewa, mubwereze katatu. Mabowo akatalikirana kuposa masentimita awiri, mtunduwo suyenera kulasira chamoyo pa mtunda umenewo. Musanautaye, onani pansi pa kachitini: zina zimalembedwa 4.50, 4.51 kapena 4.52, kumene ndi kukula kwa mutu wa chipolopolo m'mamilimita, ndipo kusiyana kochepa kumeneku kumasintha zambiri. Cholowa mothina pang'ono ndiye chabwino. Chogwera chokha mumpope chimataya mpweya.

Chipolopolo chilichonse chiyang'aneni kaye kusiketi kwake, kutanthauza mbali yakumbuyo yotambasuka, musanaike. Siketi yopindika imatulutsa mpweya mbali imodzi, chipolopolo n'kupita kwina. N'chifukwa chake siziyenera kusungidwa m'thumba la buluku pamodzi ndi makiyi.

Pomwe mwaika nyambo, kaya ndi chiponde kapena gaga, kumbuyo kwake kukhale dothi kapena mchenga. Simenti ndi njerwa zimabweza chipolopolo, choncho ana ndi ziweto akhale kutali. Makoswe akufa anyamuleni ndi fosholo n'kuwakwirira mozama kuti galu kapena mphaka asadye mtovu, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya.