Phindu la masheya linkasiyana ndi lipoti la broker

Spreadsheet yanga (tebulo la pakompyuta lowerengera manambala) inkasonyeza phindu losiyana ndi la pa lipoti la broker (kampani yondigulira ndi kundigulitsira masheya), makamaka pa makampani amene ndinagulako masheya kangapo. Ndinalembanso mitengo yonse, ndinasintha madesimali, koma sizinathandize.

Vuto linali fomula ya AVERAGE, yomwe ndinkapezera avereji ya mitengo imene ndinagulira masheya. Imaona mitengo yonse mofanana, kaya munagula masheya 10 kapena 1,000. Choncho mu Google Sheets, yomwe ndi yaulere, ndinapatsa kugula kulikonse mzere wake: tsiku, kampani, chiwerengero, mtengo ndi ndalama zolipira broker. Fomula ya SUMPRODUCT imachulukitsa chiwerengero ndi mtengo pa mizere ya kampani imodzi n'kuphatikiza zonse. Pamenepo ndimawonjezera ndalama za broker, kenako n'kugawa ndi masheya onse a kampaniyo kuti ndipeze mtengo weniweni wa sheya imodzi. Ndalama za brokerzo musazisiye, zimadya phindu ndithu. Tsopano manambala akugwirizana.