Mmene Wozimitsa Moto Angasankhire Zomera ndi Mapiritsi Podziteteza ku Khansa

Mu 2022, bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika ntchito yozimitsa moto m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa matendawa. Umboni wokwanira unapezeka pa khansa ya m'chikhodzodzo ndi pa mesothelioma, khansa imene imagwira kachikopa kokuta mapapo ndipo kawirikawiri imadza chifukwa cha fumbi la asbestos. Zimenezi zisanachitike, bungwe la NIOSH ku America, loona za thanzi ndi chitetezo cha anthu pa ntchito, linali litafufuza kale ozimitsa moto pafupifupi 30,000 a ku Chicago, Philadelphia ndi San Francisco, n'kupeza kuti imfa za khansa pakati pawo zinkaposa za anthu ena ndi 14 peresenti. Munthu akamva zotere mtima umakhala m'mwamba, ndipo ogulitsa makapisozi a zitsamba amadziwa bwino kuti wamantha sawerengera mtengo. N'chifukwa chake m'pofunika kudziwa choyambira ndi chopewa.

Yambani ndi sopo ndi madzi musanaganize za botolo lililonse. Mwaye umene umamatira m'khosi, pansi pa chibwano ndi m'manja uli ndi poizoni wotchedwa PAH, ndipo poizoniyu amalowa m'thupi kudzera pakhungu, ngakhale mutavala chipangizo chopumira. Kafukufuku wa mu 2017 anasonyeza kuti kukwecha zovala zozimitsira moto ndi burashi, sopo ndi madzi pamalo a ngozi pomwepo kumachotsa pafupifupi 85 peresenti ya poizoniyu, pomwe kupukuta m'khosi ndi kansalu konyowa kumachotsa woposa theka. Musavule chopumira pamene mukufukula zotsala moto utazima, chifukwa nthawi imeneyo utsi umaoneka ngati watha pamene mpweya woipa ukadalipo. Sambani mukangofika ku siteshoni, ndipo zovala zamwaye zisalowe m'galimoto yanu kapena m'nyumba momwe muli ana. Palibe chomera chimene chingachotse poizoni wochuluka chonchi akalowa kale m'magazi.

Pa zomera zonse zimene zimatchulidwa pa nkhaniyi, chimene chili ndi umboni womveka ndi broccoli, makamaka mphukira zake. Mu 1992, gulu la Paul Talalay ku yunivesite ya Johns Hopkins linapeza kuti m'masamba amenewa mumachokera sulforaphane, yemwe amalimbikitsa thupi kupanga timichere tomanga poizoni kuti atuluke ndi mkodzo. Mu 2014 panatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku Qidong m'dziko la China, dera la mpweya woipitsidwa kwambiri, komwe anthu 291 anayesedwa kwa milungu 12. Amene ankamwa chakumwa cha mphukira za broccoli ankatulutsa benzene wochuluka ndi 61 peresenti ndiponso acrolein wochuluka ndi 23 peresenti poyerekeza ndi anzawo amene ankamwa chakumwa chopanda broccoli. Poizoni awiriwa amapezekanso mu utsi wa moto, ndiye chifukwa chake nkhaniyi imakopa ozimitsa moto. Komabe mvetsani bwino: ofufuza anayeza mkodzo, sanawerenge odwala khansa, ndipo oyesedwawo sanali ozimitsa moto. Kwa ine, umboni umenewu ndi wokwanira kuti munthu aike masambawa m'mbale yake kawirikawiri, koma ndi wosakwanira kuti adalire kapisozi.

Kakonzedwe kake n'kofunika, popeza sulforaphane amapangika pokhapokha masamba akadulidwa kapena kutafunidwa, ndipo kutentha kwambiri kumaononga chinthu chimene chimamupanga. Dulani broccoli tizidutswa, musiyeni kwa mphindi 40, kenako mumuwawule ndi nthunzi kwa mphindi zitatu kapena zinayi, akadali wobiriwira ndi wolimba potafuna. Ngati wapsa kwambiri, wazani pamwamba ufa pang'ono wa njere za mpiru kuti ubwezeretse chinthu chopanga sulforaphane chija. Mphukira mungameretse nokha m'botolo lotsekedwa ndi kansalu: vikani mbewu usiku umodzi, khetsani madzi, ndipo muzitsuka m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu mpaka asanu. Gwiritsani ntchito mbewu zogulitsidwira kudya, osati zobzala zopakidwa mankhwala, ndipo mphukira zikanunkha kapena kuterera zitayeni, chifukwa majeremusi otsegula m'mimba amaswana msanga m'chinyontho. Kabichi, repu ndi mpiru ndi a banja lomweli, ndipo ngakhale mphamvu zake zimasiyana, ndi abwino kusinthanitsa nawo.

Mapiritsi ena amafunika kuwapewa ndithu. Pa kafukufuku wotchedwa CARET ku America, anthu oposa 18,000 osuta fodya ndi ogwira ntchito mu asbestos anayesedwa ndi mapiritsi a beta-carotene (chinthu chimene chimapatsa karoti mtundu wake) pamodzi ndi vitamini A, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa mu 1996 zitaoneka kuti khansa ya m'mapapo inakwera ndi 28 peresenti pakati pa omwa mapiritsiwo. Wozimitsa moto amene amalowa m'nyumba zakale zofoleredwa ndi asbestos, makamaka ngati amasutanso, ayenera kuitenga nkhaniyi ngati yake. Kafukufuku wina wotchedwa SELECT anapeza mu 2011 kuti mapiritsi a vitamini E anakweza khansa ya prostate, kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo, ndi 17 peresenti. Tiyi wobiriwira wofulula m'kapu alibe vuto kwa anthu ambiri, koma makapisozi ake ofika mamiligalamu 800 a EGCG (chinthu chopezeka m'tiyiyo) patsiku angavulaze chiwindi, monga linachenjezera bungwe la EFSA, loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, mu 2018. Makapisozi a turmeric osakaniza ndi tsabola wakuda nawonso adwalitsapo anthu chiwindi.

Ngati mwatsimikizabe kugula, sankhani botolo lolembedwa dzina la chinthu chilichonse ndi mlingo wake, lokhala ndi chizindikiro cha oyeza oima paokha monga USP kapena NSF, ndipo lolonjeza kutsuka thupi lonse kapena kuchiza khansa lisiyeni pashelefu. Yambani chinthu chimodzi pa nthawi, kuti chikakusokonezani mudziwe cholakwa. Pitani nalo botololo kwa dokotala kapena wa ku famase, makamaka ngati mumamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a shuga, ma ARV kapena osungunula magazi. Paulendo womwewo muuzeni dokotala zaka zimene mwagwira ntchitoyi, mumupemphe akuyeze khungu lonse, ndipo mukaona magazi mumkodzo, ngakhale kamodzi kokha popanda ululu, pitani kuchipatala mlungu womwewo.