Momwe mungajambulire munthu potsatira njira ya Cecil Beaton

Cecil Beaton, katswiri wojambula zithunzi yemwe anabadwira ku London mu 1904, anaphunzira kujambula zithunzi ndi kamera ya Kodak, ndipo amene ankawajambula kawirikawiri anali azichemwali ake awiri, Nancy ndi Baba. Chimene chinamufikitsa ku magazini ya mafashoni ya Vogue komanso kunyumba yachifumu ya ku Britain chinali luso lokonza malo ndi zovala, moti wofuna kumutsanzira ayenera kumaliza ntchito yaikulu asanagwire kamera.

Yambani ndi zimene zidzaoneke kumbuyo kwa munthuyo. Ali wachinyamata, Beaton ankapachika mapepala onyezimira, magalasi, mabaluni ndi nsalu zopyapyala, zinthu zotsika mtengo zimene pachithunzi zinkaoneka ngati zapamwamba. Ngakhale mu 1953, pojambula Mfumukazi Elizabeth II pa tsiku lovekedwa chisoti chaufumu, iye anajambulira kunyumba yachifumu ya Buckingham Palace, kutsogolo kwa chinsalu chachikulu chosonyeza mkati mwa tchalitchi cha Westminster Abbey. Inunso pachikani nsalu yanu bwinobwino, ndipo muimike munthuyo patali pang'ono ndi nsaluyo kuti chithunzithunzi chake chisagwerepo.

Zovala musankhe inuyo, mutakambirana ndi mwini wake, ndipo mitundu ikhale yochepa. Mu filimu ya My Fair Lady ya mu 1964, imene inamupezetsa mphoto ziwiri za Oscar, Beaton anaveka azimayi opita ku mpikisano wa mahatchi ku Ascot zovala zakuda ndi zoyera pafupifupi onse, ndipo mitundu itachepa chotero, diso limathamangira ku zipewa zikuluzikulu ndi kasokedwe ka madiresi. Ngati chovala chili ndi maluwa ambiri, kumbuyo kukhale kosachulutsa zinthu, chifukwa ziwirizi zikalimbirana, nkhope imasowa.

Kuwala kukhale kofewa. Tchingani zenera kapena nyali ndi nsalu yoyera, kenako muike nyali ina kumbuyo kwa munthuyo kuti tsitsi ndi mapewa zionekere bwino. Muuzeni poika manja, popeza manja ndi amene amaulula munthu wamanyazi.

Zithunzi za Beaton zinkakonzedwanso kwambiri zisanatuluke, mpaka kuchepetsa chiuno ndi kufufuta makwinya. Apa ine sindimutsatira kwenikweni: pakompyuta chotsani kachiphuphu kapena ulusi wolendewera, koma nkhope muisiye yoti abale ake aizindikire.