Mmene mungawerengere mbiri ya Angerezi ku India osasokonezeka: tsatirani msonkho wa malo

Anthu ambiri akafuna kumvetsa ulamuliro wa Angerezi ku India amayamba ndi kuloweza mayina a abwanamkubwa: Hastings, Cornwallis, Wellesley, Bentinck, Dalhousie, aliyense ndi zaka zake. Njira imeneyi ine sindigwirizana nayo. Mayina amalowa m'mutu lero, mawa atuluka, munthu n'kutsala osadziwa chimene chinkachitika kumudzi kwa mlimi wa mpunga. Ine ndimalangiza kuti muyambe ndi funso limodzi: ankapereka msonkho wa malo ndani, ndipo ankaupereka m'manja mwa yani? Mukaligwira funso limeneli, za maofesi, za makhoti ndi za sukulu zimalongosoka zokha, chifukwa zonsezo zinkayendera ndalama yochokera m'munda.

Pezani mapu a India akale, osonyeza dziko lisanagawidwe mu 1947, ndi mapensulo a mitundu itatu. Musanawerenge kalikonse, chongani mizinda itatu: Calcutta, Madras ndi Bombay. Kumeneko ndi kumene East India Company, kampani ya amalonda imene inapatsidwa chilolezo ku London mu 1600, inamangako malikulu ake. Jambulaninso mtsinje wa Ganges. Mapuwa akhale pafupi nthawi zonse.

Chaka choyamba kulemba m'kope lanu chikhale 1765, osati 1757. Mabuku amakonda nkhondo ya ku Plassey ya 1757, pamene Robert Clive wa kampaniyo anagonjetsa Siraj ud-Daulah, wolamulira Bengal, mothandizidwa ndi chinyengo cha Mir Jafar, mkulu wa asilikali a wolamulirayo. N'zoona kuti inali nkhondo yofunika. Koma chimene chinasintha zinthu ndi pangano la ku Allahabad la 1765, itatha nkhondo ya ku Buxar, pamene Shah Alam II, mfumu ya a Mughal (ufumu umene kale unkalamulira mbali yaikulu ya India), anapatsa kampaniyo ufulu wotolera msonkho ku Bengal, Bihar ndi Orissa. Kuyambira pamenepo amalondawo sanafunikirenso kubweretsa siliva wambiri kuchokera kwawo kudzagulira nsalu. Ankagula ndi ndalama za alimi a ku Bengal eni akewo. Pansi pa chaka chimenechi lembani 1770, chaka cha njala yoopsa imene inapha anthu mamiliyoni ku Bengal. Warren Hastings analemba yekha kuti msonkho umene unatoleredwa mu 1771 unaposa wa 1768. Mfundo imeneyi muisunge, imakuuzani zambiri za boma limene linkabadwalo.

Malamulo a 1773 ndi 1784, amene anaika kampaniyo pansi pa diso la nyumba ya malamulo ya ku Britain, musachedwe nawo. Dziwani chabe kuti loyambalo linabweretsa udindo wa bwanamkubwa wamkulu, ndipo woyamba anali Hastings. Udindo umene muyenera kuudziwa bwino ndi wa Collector, mkulu woyang'anira boma laling'ono, umene unayamba mu 1772. Ntchito yake yoyamba inali kutolera msonkho, ndipo m'madera ambiri anadzakhalanso woweruza milandu. Mlimi sankamuona bwanamkubwa. Amene ankamudziwa anali ameneyu ndi amithenga ake.

Tsopano tengani mapensulo aja. Apa ndi pamene muyenera kukhalitsa.

Ndi mtundu woyamba pakani Bengal, Bihar ndi Orissa. Kumeneku Cornwallis anakhazikitsa Permanent Settlement mu 1793. Anatenga a zamindar, amene kale anali otolera msonkho m'malo mwa mafumu, n'kuwasandutsa eni malo. Ndalama imene zamindar ankayenera kupereka ku boma inaikidwa kamodzi kokha, osadzasinthanso mpaka kalekale. Poyamba inali yolemera: magawo khumi pa magawo khumi ndi limodzi a lendi ankapita ku boma. Akalephera kulipira dzuwa lisanalowe pa tsiku loikika, malo ake ankagulitsidwa pa okushoni. Mabanja akale ambiri anataya malo m'zaka zoyambirirazo, ogula n'kukhala amalonda ndi anthu a m'maofesi a ku Calcutta, ena osadziwa n'komwe njira ya kumudziko. Cornwallis ankayembekeza kuti mwini malo akadziwa kuti msonkho sudzakwera, adzaika ndalama zake pa ulimi. Zimene zinachitika n'zina. Zamindar ankabwereketsa malo kwa wina, winayo kwa winanso, aliyense n'kumadyapo, ndipo katundu yense ankatsikira pa mlimi, amene lendi yake inalibe malire. Lamulo lomuteteza kwenikweni linadzabwera mu 1885. Onaninso kuti boma linadzimanga lokha manja: mitengo ya zokolola itakwera, phindu linapita kwa a zamindar. N'chifukwa chake njirayi sanaifalitse dziko lonse.

Ndi mtundu wachiwiri pakani mbali yaikulu ya Madras ndi Bombay. Kumeneku kunali ryotwari, imene Alexander Read ndi Thomas Munro anayamba kuiyesa ku Baramahal cha m'ma 1792, ndipo Munro anailimbikitsa atakhala bwanamkubwa wa Madras mu 1820. Apa boma linkachita pangano ndi mlimi mwachindunji: munda unkayezedwa, nthaka n'kuunikidwa, msonkho n'kuikidwa, kenako n'kumauonanso pakapita zaka makumi awiri kapena atatu. Ophunzira ambiri amathamangira kulemba kuti njira iyi inali yachifundo chifukwa munalibe zamindar. Chenjerani. Msonkho unali wokwera, unkafunika ndalama osati mbewu, ndipo unkafunika pa nthawi yake kaya mvula yagwa kaya ayi. Mlimi wopanda ndalama ankapita kwa wakatapira, chikole n'kukhala munda. Kuti muone mapeto ake, werengani za zipolowe za ku Deccan za 1875, m'madera a Poona ndi Ahmednagar. Mtengo wa thonje unali utakwera pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, n'kudzagwa nkhondoyo itatha, ngongole zili pomwepo. Alimi analowa m'nyumba za obwereketsa ndalama, ndipo chimene ankafuna kwambiri chinali mapepala a ngongole, kuti awatenthe.

Mtundu wachitatu ndi wa kumpoto: chigwa cha kumtunda kwa Ganges, kenako Punjab. Iyi ndi mahalwari, yochokera ku malingaliro a Holt Mackenzie ndi lamulo la 1822, limene linakonzedwanso mu 1833. Mudzi wonse unkasenza msonkho pamodzi, mkulu wa mudzi n'kumatolera. Imeneyi ingoidziwani mwachidule.

Mukamaliza kupaka, dzifunseni funso limene mabuku ambiri amalidumpha: kuyeza minda mamiliyoni, kulemba kaundula wa mudzi uliwonse, kumva milandu ya malire, ankachita ndani? Cornwallis anali atatsekera Amwenye kunja kwa maudindo akuluakulu, koma Mngerezi wochokera ku London anali wodula kwambiri. William Bentinck, amene analamulira kuyambira 1828 mpaka 1835, anatumizidwa kudzachepetsa ndalama zimene boma linkawononga. Mu 1833 anatsegula udindo wa wachiwiri kwa Collector kuti Amwenye aziugwira. Pamenepa ndi pamene mutsegule tsamba la maphunziro, osati kale. Mukalitsegula msanga, mudzaona ngati nkhani ya sukulu inagwa kuchokera kumwamba.

Pa tsamba limeneli yambani ndi kulemba kuti sukulu zinalipo Angerezi asanaikepo dzanja. William Adam, m'malipoti ake a pakati pa 1835 ndi 1838, anafotokoza za masukulu a m'midzi ya ku Bengal ndi Bihar ophunzitsa kulemba ndi kuwerengera, komanso za masukulu a Chisanskrit, Chiperisiya ndi Chiarabu. Akuluakulu oyambirira a kampani anathandiza maphunziro a mtundu umenewu: Hastings anayambitsa Calcutta Madrasa, Jonathan Duncan anatsegula koleji ya Chisanskrit ku Benares mu 1791. Ankafuna anthu odziwa malamulo a Chisilamu ndi a Chihindu oti azithandiza m'makhoti. Lamulo la 1813 linapatula marupi 100,000 pa chaka kuti apite ku maphunziro, ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwa dziko, koma inabutsa mkangano wa zaka makumi awiri: iphunzitse m'chilankhulo chiti?

Musaulembe mkanganowu ngati wa Azungu mbali ino, Amwenye mbali inayo. Anthu olemera a ku Calcutta anatsegula okha Hindu College mu 1817 kuti ana awo aphunzire Chingerezi, ndipo mu 1823 Ram Mohan Roy, Mmwenye wophunzira wa ku Bengal, analembera bwanamkubwa Amherst kupempha masamu ndi sayansi m'malo mwa koleji ina ya Chisanskrit. Anali Angerezi ena amene ankateteza zilankhulo zakalezo. Kalata ya February 1835 ya Thomas Macaulay, mlangizi wa bwanamkubwa pa za malamulo, muiwerenge yonse nokha, si yaitali. Mudzapezamo mwano weniweni, pamene akuti shelefu imodzi ya mabuku abwino a ku Ulaya iposa zolemba zonse za ku India ndi Arabia. Mudzapezamonso cholinga chonenedwa poyera: kupanga gulu la anthu a magazi a Chimwenye koma a maganizo a Chingerezi, oti akhale otanthauzira pakati pa olamulira ndi olamulidwa. Bentinck anavomereza mu March chaka chomwecho. Koma ine ndimaona kuti zimene zinadzaza makalasi ndi zinthu ziwiri zotsatira: mu 1837 Chiperisiya chinachotsedwa m'makhoti, ndipo mu 1844 bwanamkubwa Hardinge analengeza kuti pa ntchito za boma azikondera ophunzira Chingerezi. Kholo limatumiza mwana kumene kuli ntchito.

Kalata ya 1854 ya Charles Wood, nduna yoona za India ku London, inafuna kukonza zimene zinasiyidwa: nthambi ya maphunziro m'chigawo chilichonse, thandizo la ndalama ku masukulu a mishoni ndi a anthu wamba, zilankhulo za anthu m'makalasi a pansi, maphunziro a atsikana. Mayunivesite a Calcutta, Bombay ndi Madras anatsegulidwa mu 1857, chaka chomwecho cha kuukira kwakukulu kumene kunachititsa kuti mu 1858 ulamuliro uchoke m'manja mwa kampani upite kwa Mfumukazi Victoria. Pambali pa lamulo lililonse lotere, siyani mpata wolembapo zimene zinachitika zenizeni. Bungwe la Hunter lounika maphunziro mu 1882 linadandaulabe kuti pulayimale yanyalanyazidwa. Mtsogoleri wa ndale wa Chimwenye Gopal Krishna Gokhale atabweretsa bilu ya pulayimale yokakamiza mu 1911, inakanidwa. Kalembera wa 1951 anapeza kuti odziwa kulemba ndi kuwerenga sankafika munthu mmodzi pa asanu alionse. Mayeso olowera ntchito zapamwamba za boma ankalembedwa ku London, ndipo Mmwenye woyamba kukhoza, Satyendranath Tagore, anakhoza mu 1863.

Kuti mudziyese ngati mwamva, tsekani buku, lozani chala paliponse pa mapu anu, musankhe chaka, tinene 1860. Fotokozani mokweza: mlimi wa pamenepo akupereka msonkho kwa yani, akalephera chimuchitikira n'chiyani, mlandu wake ukamveka m'chilankhulo chiti, nanga kalaliki wolemba dzina lake anaphunzira kuti. Kenako sunthani chala kupita ku mtundu wina wa pensulo, muyankhenso mafunso omwewo. Pamene mwakakamira, bwererani pa tsamba limenelo lokha.