Kusintha ekizozi ya Honda ATC250R popanda kuwononga injini

Honda ATC250R ndi njinga yamoto ya matayala atatu imene inapangidwa kuyambira 1981 mpaka 1986, ndipo inatchuka kwambiri ku America, makamaka pakati pa anthu othamanga mu mchenga ndi m'tinjira ta m'nkhalango. Inali kupikisana ndi Yamaha Tri-Z 250 komanso Kawasaki Tecate, ndipo zitatu zonsezi zinali ndi injini ya two-stroke, ija imene imawotcha petulo wosakaniza ndi oilo. Mu 1988 makampani opanga njingazi anagwirizana ndi boma la America kuti aleke kugulitsa zatsopano chifukwa cha kuchuluka kwa ngozi, choncho iliyonse imene ikuyenda lero yatha zaka pafupifupi 40. Ekizozi ya njinga ya msinkhu umenewo nthawi zambiri imakhala itachita dzimbiri, itafwanyika pamiyala, kapena itadzaza mwaye m'kati, ndipo ndi chifukwa chake eni ake ambiri amayambira pamenepo akafuna kuitsitsimutsa.

Musanagwire sipanala, ndi bwino kumvetsa chimene paipi ya ekizozi, yomwe ndi yotupa pakati, imachita, pakuti pa injini ya two-stroke ekizozi si njira yongotulutsira utsi ayi, koma ndi chiwalo cha injini yeniyeniyo. Injini imeneyi ilibe mavavu apamwamba monga a galimoto. Pisitoni yokha ndiyo imatsegula ndi kutseka zibowo za m'mbali mwa silinda, ndipo pamakhala kanthawi kamene chibowo chotulutsira utsi ndi zibowo zolowetsera mafuta atsopano zimakhala zotseguka zonse pamodzi. Pisitoni ikatsika n'kutsegula chibowo cha utsi, funde lamphamvu la mpweya limathamangira m'paipi pa liwiro la phokoso. Likafika pamene paipi yayamba kukula, kafunde kokoka kamabwerera kusilinda, n'kuyamwa utsi wotsala ndi kukokera mafuta atsopano m'kati. Kenaka funde lija limakagunda kumbuyo kumene paipi imayambanso kuchepa, n'kubwerera ngati chokankha, ndipo limabweza mu silinda mafuta amene anali atathawira m'paipi, pisitoni itangotsala pang'ono kutseka chibowo. Katswiri amene anakulitsa nzeru imeneyi pa njinga za mpikisano ndi Walter Kaaden wa kampani ya MZ ku East Germany m'zaka za m'ma 1950, ndipo inafalikira kwambiri pamene wokwera wake, Ernst Degner, anathawa mu 1961 n'kukalowa ku Suzuki.

Popeza mafundewo ayenera kubwerera pa nthawi yake yeniyeni, paipi iliyonse imagwira bwino ntchito pa liwiro lina la injini osati ponseponse. Paipi yotalikirapo imapereka mphamvu injini ikuzungulira pang'onopang'ono kapena pakatikati, pamene yofupikirapo imasunthira mphamvuzo kumtunda, injini ikulira kwambiri. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa posankha. Munthu amene amayenda m'tinjira topanikizika, tokhala ndi mizu ndi zitunda, akagula paipi ya mphamvu zakumtunda chifukwa cha kukoma kwa kulira kwake, adzapeza kuti njinga yafooka pamalo amene amaifuna kwambiri, kenaka mphamvu zonse n'kubwera mwadzidzidzi. Pa njinga ya matayala atatu zimenezi si zamasewera, chifukwa kutsogolo kwake n'kopepuka, tayala limanyamuka msanga, ndipo matayala akumbuyo ali pa chitsulo chimodzi chozungulira pamodzi, moti njingayo sikhululukira munthu amene wadzidzimutsidwa pokhota. Ine ndimaona kuti paipi ya mphamvu zapakati ndiyo imayenera anthu ambiri, ndipo yakumtunda isiyidwe kwa amene amathamanga pa mchenga wotambalala.

Onetsetsaninso chaka cha njinga yanu. Za 1981 mpaka 1984 injini yake imazizira ndi mphepo, pamene za 1985 ndi 1986 zimazizira ndi madzi ndipo zili ndi magiya asanu ndi limodzi. Chimango chake n'chosiyana, kotero paipi ya gulu limodzi siikwana pa linzake. Makampani monga DG ndi FMF anapangira njinga zimenezi mapaipi, koma ena amene amapezeka masiku ano ndi ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo pogula otere muyang'ane ming'alu pamene anawotcherera komanso kufwanyika kwakukulu pafupi ndi khosi, mbali imene imalumikizana ndi silinda, chifukwa pamenepo ndi pamene mafunde amasokonekera kwambiri. Gulani paipi ndi sailensa, chochepetsa phokoso chakumapeto, zopangidwira limodzi. Kapaipi kakang'ono kakumapeto kakakhala kopapatiza mopyola, kutentha kumaunjikana m'kati ndipo pisitoni ikhoza kubooka pamwamba. Amene amayenda m'nkhalango za boma ku America amafunikanso sailensa yokhala ndi kachitsulo kogwira mbaliwali za moto, kovomerezedwa ndi US Forest Service.

Ntchito yochotsa yakale ichitike injini itaziziratu. Chotsani mpando ndi pulasitiki wakumbuyo kuti muone bwino, thirani mafuta ofewetsa dzimbiri pa mabawuti onse, ndipo muwasiye kwa kanthawi, pakuti bawuti ya zaka 40 ikathyokera m'chimango ntchito ya ola limodzi imasanduka ya tsiku lonse. Yambani ndi sailensa, kenaka masipuling'i amene amagwira khosi la paipi kusilinda. Masipuling'i amenewa muwakoke ndi kachitsulo kokhala ndi mbedza, osati pulayala, chifukwa pulayala ikaterereka dzanja limakamenya zitsulo za injini kapena sipuling'i imaulukira kumaso. Mukamasula mabawuti otsala, gwedezani paipi pang'onopang'ono uku mukuikokera kutsogolo mpaka itavuka.

Paipi ikachoka, musafulumire kuika yatsopano. Tengani tochi n'kuwalitsa m'chibowo cha utsi, ndipo muzungulitse injini pang'onopang'ono ndi kiki kuti pisitoni ikwere ndi kutsika mukuiona. Mbali ya pisitoni iyenera kukhala yosalala, ya mtundu wotuwa, yonyowa pang'ono ndi oilo. Mukaona mizere yozama yochokera pamwamba kupita pansi, kapena maring'i ooneka ngati amatirira m'ngalande zake, imani pomwepo, chifukwa paipi yamphamvu idzangofulumizitsa imfa ya injini yodwala kale. Chimodzimodzinso ngati injini imayamwa mpweya pamalo osayenera, monga pa masilo a kirankishafuti kapena pa labala yolumikiza kabureta. Labala yakale imang'ambika mobisika, ndipo mpweya woba umenewo umachepetsa mafuta m'chisakanizo cha mpweya ndi petulo. Zonse zikakhala bwino, tsekani chibowo ndi kansalu koyera ndipo mupale mwaye wouma pakamwa pake mosamala kuti zinyenyeswa zisagwere m'kati. Musaiwale kuchotsa kansaluko.

Poika yatsopano, lamulo lalikulu ndi lakuti musamange bawuti iliyonse mpaka zonse zitalowa m'malo mwake. Ikani gasiketi kapena mphete yatsopano pakamwa pa silinda, pakani silikoni wopirira kutentha mopyapyala, lowetsani khosi la paipi mpaka litakhala bwino, kenaka kolani masipuling'i atsopano. Akale amakhala atatopa ngakhale akuoneka abwino. Lowetsani mabawuti ndi zala zokha, lumikizani sailensa, ndipo muyang'ane mozungulira ngati paipi sikukhudza paipi ya madzi a ladiyeta, kapaipi ka petulo, pulasitiki kapena njira ya kiki. Malabala amene amakhala pa zogwirira asachotsedwe, chifukwa ndiwo amameza kunjenjemera. Bowo likapanda kugwirizana ndi linzake, pindani kachitsulo kogwirira pang'ono m'malo mokakamiza paipi, pakuti paipi yomangidwa mokakamiza imang'ambika pakapita milungu yochepa. Zonse zikakhala mwaufulu, mangani kuyambira kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo mupukute zidindo za zala ndi mafuta musanalize injini, chifukwa pa chitsulo chonyezimira zimapserera n'kukhalirira.

Tsopano pafika gawo limene ambiri amalumpha, ndipo ndilo limapha injini: kukonzanso kabureta. Paipi yabwino imachititsa injini kupuma mpweya wambiri, ndipo ngati petulo sawonjezeka molingana, chisakanizo chimauma. Pa two-stroke petulo wochepa ndiye kutinso oilo wochepa ndi kutentha kwakukulu, ndipo mapeto ake pisitoni imafufuma n'kugwira mu silinda njinga ili pa liwiro. Kabureta ya Keihin imene ili pa njingayi ili ndi magawo atatu ofunika. Jeti yaing'ono (jeti ndi kachitsulo kabowo kamene petulo amadutsamo) imalamulira kuyambira injini ikungolira yokha mpaka mutakoka moto gawo limodzi mwa magawo anayi. Singano imalamulira pakati, mpaka magawo atatu mwa anayi. Jeti yaikulu imatenga ulamuliro kuchokera pamenepo mpaka kumapeto. Yambani ndi jeti yaikulu yokulirapo ndi sitepe imodzi kapena ziwiri kuposa imene inalipo, kenaka muzitsika pang'onopang'ono. Mafuta akachuluka mudzangodetsa pulagi, yomwe ndi yotsika mtengo, koma akachepa mudzagula pisitoni ndi kukakonzetsa silinda. Pa singano, kutsitsa kakilipi kamene kamaigwira ndi mzera umodzi kumakweza singanoyo ndipo kumawonjezera petulo.

Kuti mudziwe pamene mwafika, ikani pulagi yatsopano injini itatentha, pezani njira yoongoka yopanda anthu, valani chisoti, ndipo mukoke moto wonse pa giya yapamwamba kwa masekondi angapo. Kenaka zimitsani injini ndi batani lozimitsira uku mutagwira kilatchi, osailola kubwerera pa kulira kwapansi, imani, ndi kuchotsa pulagi. Dothi loyera la pakati pa pulagi likaoneka lofiirira ngati tiyi wothira mkaka, mwayandikira pabwino. Likakhala lakuda ndi lonyowa, petulo wachuluka. Likayera mbuu, kapena likakhala ndi timadontho tonyezimira ta chitsulo, petulo wachepa kwambiri ndipo musayendenso mpaka mutakweza jeti. Khutu nalo limathandiza: injini ya mafuta ochuluka imachita chibwibwi ndi kufuka utsi wambiri, pamene ya mafuta ochepa imatsamwa mukakoka moto mwadzidzidzi, imachedwa kutsika mukausiya, ndipo nthawi zina imamveka ngati timiyala tikugogoda m'chitini.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo mulembe m'kabuku nambala ya jeti ndi mmene njinga inayendera. Fyuluta ya mpweya ikhale yotsuka ndi yopaka mafuta ake musanayambe kuyesa, ndipo muyeso wa oilo m'petulo usasinthe pakati pa ntchito, chifukwa oilo akachuluka petulo wodutsa m'jeti amachepa. Kumbukiraninso kuti mpweya wa kumapiri ndi wopepuka ndipo umafuna jeti yocheperapo, pamene tsiku lozizira kumalo otsika a m'mphepete mwa nyanja limafuna yokulirapo, kotero jeti imene inali bwino m'chilimwe ikhoza kukhala yoopsa m'nyengo yozizira.

Mukayenda maulendo awiri kapena atatu, bwererani pa mabawuti onse injini itazizira, chifukwa kutentha ndi kunjenjemera kumawamasula. Yang'anani pakhosi pa paipi: mukaona mafuta akuda akutsetsereka pansi pa silinda, ndiye kuti pakutuluka mpweya ndipo mphete kapena masipuling'i akufunika kuonedwanso. Sailensa nayo ili ndi ubweya wa galasi m'kati umene umanyowa ndi oilo n'kupserera, ndipo mukamva kulira kwasanduka kwaukali ndi kosokosa, masulani chotsekera chake, tsukani kapaipi kobooledwa ka m'kati mpaka tizibowo tonse titatseguka, ndi kukulunga ubweya watsopano mothina pang'ono koma osaupanikiza.